Chimera Changa Sichinali cha Mowa

Amene anandilakwira ndi achimwene anga enieni, a Yoram, a bere limodzi ndi ine. Ndikuwatchula dzina chifukwa nawonso ananditchula dzina pa mjigo, amayi a mudzi wonse ali pamzere ndi zigubu zawo. Anati ine Eneresi ndayamba kufulula mowa kuti amuna azisonkhana pakhomo panga, pamene mwamuna wanga sanathe n'chaka chomwe m'manda. Asanalankhule zimenezo anali atanyamula kale lichero la chimera chimene ndinayanika padzuwa, n'kukakhuthulira mbuzi zawo. Chimera chimenecho chinali cha phala la mwana wanga Kumbu. Mbuzi zinadya, zinakhuta, zinanyambita ndi lichero lomwe.

A Sadiki, a zaumoyo a kwathu kuno kwa Kalembo, anati ndilembe nkhaniyi kuti amayi ena awerenge. Ndinavomera, koma ndinawauziratu kuti sindibisa munthu, ngakhale ine ndemwe.

Nkhani inayambira kusikelo. Kumbu ndi chitsiriza changa. Bambo ake, malemu a Lusiyasi, anatisiya iye ali ndi miyezi isanu. Atakwana chaka ndi mwezi umodzi, mwana anangoima kukula. Miyezi itatu yotsatizana sikelo inkaloza pamodzimodzi. Tsitsi lake linayamba kufiira ndi kuwanda. Anzake akukwawa n'kumagwetsa mbale, iye ankangokhala pamphasa n'kumalira kulira kopanda mphamvu.

Tsiku limenelo la sikelo a Sadiki anamumanga kalamba koyezera pamkono.

"Mayi a Kumbu, tayang'anani apa. Mtundu wanji uwu?"

"Wachikasu."

"Ukakhala wobiriwira, mwana ali bwino. Wachikasu ndi chenjezo. Ukafika pofiira, timamutumiza kuchipatala, mwinanso kukagonekedwa. Kumbu watsala pang'ono kufika pofiira."

Ndaika kale mwamuna m'manda chaka chomwechi. Sindinafune kumvanso za bedi la kuchipatala.

Anamudina kumapazi kuona ngati akutupa, anamuyeza malungo, anamupatsa mankhwala a njoka za m'mimba. Kenako anafunsa, "Akuyamwabe?"

"Akuyamwa."

"Musamuletse. Nanga amadya chiyani?"

"Phala."

"La chiyani?"

"La ufa woyera, nanga la chiyaninso? Kawiri pa tsiku. Ndikaphika lolimba amalavula, ndiye ndimathira madzi ambiri kuti lizimezeka."

A Sadiki anatenga kambale kakang'ono patebulo. "Mimba ya Kumbu ndi yaing'ono ngati aka. Mukaidzaza ndi madzi oyera ngati phala, chakudya chenicheni chilowa pati? Mwanayu akugona wokhuta madzi."

Ine mtima unakwera. "Ndiye mukufuna ndikabe? Za m'sitolo ku Balaka ine ndilibe nazo mphamvu. Ndimadalira ganyu."

"Sitolo mwatchula ndinu, mayi, ine ayi. Tandiuzani zimene zili m'nyumba mwanu."

Ndinatchula: chimanga chochepa, mtedza wosakwana ndowa, nandolo, mfutso wa chisoso. "Basi. Kupatula mawere a malemu aja, koma amenewo ndi a nkhuku."

"A chiyani?"

"A nkhuku. Ndimaziwazira m'mawa uliwonse."

Bambo aja anagwira mutu ndi manja awiri ngati amva uthenga wa maliro. Amayi amene anali pamzere anayamba kuseka.

Apa ndiyenera kuulula tchimo langa. A Lusiyasi anali a kumapiri, mphepete mwa Chikala ku Machinga. Pobwera kudzakhala chikamwini kwathu anabwera ndi chikwama chimodzi, khasu, ndi botolo lodzaza timbewu tofiirira tating'ono ngati mchenga. Chaka chilichonse ankafesa timbewuto pakandime ka pafupi ndi chulu. Mudzi wonse unkawaseka kuti mkamwini wa Eneresi amalima udzu. Ine ndinkaseka nawo. Chaka chimene mvula inadula mu Januwale, chimanga chinapserera, koma mawere awo anatulutsa ngala zonga zala za munthu. Ndinaona ndi maso angawa, komabe sindinaphunzire kanthu. Iwo ankadya okha phala lawo lodera, ine n'kumati, "Dothi limenelo musandipatse." Mawere omaliza anafesa okha, koma wokolola ndinali ine, iwo atapita. Anakwana matumba awiri a ngala. Anankafumbwe analowa m'chimanga changa, koma m'matumba amenewo sanayerekeze.

"Nkhuku zanu zikudya bwino kuposa mwana wanu," anatero a Sadiki. "Mawere ali ndi mchere wolimbitsa mafupa ndi mano wochuluka kwambiri kuposa wa m'chimanga. Alinso ndi mchere wothandiza magazi. Ufa woyera mumaukonola, mumauviika m'madzi, zabwino zambiri n'kutsala m'gaga ndi m'madzi otaya aja. Mawere mumapera ndi khungu lake lomwe, palibe chotaya."

"Ndiye ndi mankhwala?"

"Iyayi. Ndi chakudya. Ndipo paokha sakwanira. Muzithiramo nsinjiro, tsiku lina matemba osinja, tsiku lina dzira la nkhuku zanu zonenepazo, ndi masamba. Phala likhale lokhathamira ufa, osati madzi. Adye kanayi pa tsiku."

"Ndanena kale kuti lolimba amalavula."

"Pamenepo m'pamene pamafunika chimera. Koma ine ndikakuphikirani ndipsereza mphika. Pitani kwa Abiti Swaibu. Ndipo Kumbu ndizimuona milungu iwiri iliyonse."

Abiti Swaibu ndi oyandikana nawo nyumba, kuseri kwa mitengo ya mango. Kwawo ndi ku Ngokwe. Ndi Asilamu, ndipo paukwati uliwonse wa dera lino, kaya wa kutchalitchi kaya wa kumzikiti, thobwa amaphika ndi iwo. Ndinawapeza akupeta mpunga.

"Ajimwiche uli, anzanga? Nkhope yakwinyika bwanji ngati mwaluma ndimu?"

Ndinawafotokozera. Anasiya lichero, n'kubwera kudzaona matumba aja. Anapisa dzanja, anafikisa ngala imodzi m'manja, n'kuuzira mankhusu.

"Usanje weniweni uwu! Kwathu timati usanje. Wa kumapiri, wonona. Eneresi, inu mwakhalira chuma n'kumalira njala. Nkhuku zimenezi ndikanakhala ine bwenzi nditazidya zonse, zibweze mawere anga."

Anandiphunzitsa tsiku lomwelo. Tinapuntha ngala, tinapeta. Anati nditsuke mawere katatu m'beseni ndi kuwatsanula pang'onopang'ono, chifukwa mchenga umabisala pansi ndipo ukalowa m'phala mwana amadana nalo mpaka kalekale. Ambiri tinayanika kuti tikagayitse ufa wa phala. Ochepa, odzaza mbale ziwiri, anati akhale a chimera.

"Awa muwaviike m'madzi lero, mawa muwatsanule. Muwayale pa chiguduli chonyowa, muphimbe ndi chinzake, m'nyumba mopanda dzuwa. Muziwaza timadzi m'mawa ndi madzulo. Pakatha masiku awiri kapena atatu aturutsa timizu toyera. Pamenepo muyanike padzuwa mpaka aume gwa, ndiye mupere. Mukaona nkhungu, tayani, musaumire."

Ndinachita zonse. Tsiku lachitatu nditavundukula chiguduli ndinapeza timizu tayera mbee, fungo lake lokoma ngati munda mvula itangogwa. Ndinaseka ndekha koyamba chichokereni a Lusiyasi. Ndinayala pa lichero, ndinaika padenga la khola la nkhuku pamene dzuwa limamenya bwino, ndinabereka Kumbu n'kupita kumjigo.

Ndili pamzere ndinangomva, "Eneresi!"

Achimwene a Yoram ndi mwini mbumba wathu, komanso ndi mkulu wa mpingo. Jekete sachotsa ngakhale mu Okutobala. Anafika ndi lichero langa m'manja, lopanda kanthu.

"Ichi n'chiyani chimene ndapeza pakhomo pako?"

"Achimwene, chimera changa chili kuti?"

"Wavomera wekha! Chimera! Amayi inu mwamva? Mlongo wanga wayamba masese. Dothi la pamanda a mlamu wanga silinaphwe n'komwe, iye akufuna amuna azidzakhala pakhonde pake ndi zipanda. M'banja mwathu zimenezo ayi. Ndapatsa mbuzi."

Wopopa analeka kupopa. Mayi wina kumbuyo anati, "Ii, amasiye a masiku ano." Ndinamumva, ndipo ndikumudziwa.

Ndinafuna kuwagenda ndi chigubu. Chinandiletsa ndi mwana kumsana. Ndinangoti, "Achimwene, mwadyetsa mbuzi chakudya cha mwana wodwala wa mlongo wanu. Mwanenera pagulu. Yankho mudzalimvanso pagulu."

Ndinafika kwa Abiti Swaibu misozi ili chuchuchu, ya ukali osati ya chisoni. Masiku anayi apita pachabe, mwana ali pafupi ndi pofiira, ndipo dzina langa laipa. Iwo anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitini cha ufa wa chimera chawo.

"Kulira kwatha? Chabwino. Mwana adye lero lomwe, nkhani ya a Yoram ibwere pambuyo. Koma mawa ndikufuna ndikaone jekete lija likutuluka thukuta."

Kunena zoona, ndikudziwa chimene chinawalowa achimwene. Mayi athu ankafulula masese, ndipo bambo athu anathera m'chipanda momwemo. A Yoram ndi amene ankakawatola m'njira ali mnyamata. Iwo akangomva fungo la chimera amaona bambo athu ali gone m'ngalande. Zimenezo ndikuzimvetsa. Koma pakamwa anali napo. Akanandifunsa.

M'mawa mwake ndinadzera kwa a Sadiki kuwapempha kuti abwere. Ndinasenza mphika, mthiko, nkhuni ndi ufa wa mawere umene ndinagayitsa. Ndinadutsira dala pa mjigo.

"Amene munamva dzulo kuti ndikufulula mowa, tiyeni mukamwe! Ndikukafululira pakhomo pa akulu a mpingo!"

Zigubu zinatsala zokha pamzere. Amayi oposa khumi ananditsatira, ndi uja wa "amasiye a masiku ano" yemwe, ali patsogolo penipeni.

Tinawapeza achimwene atakhala pampando wa ndalema akuwerenga. Alamu anga, akazi awo, atationa anangotulutsa mphasa osafunsa kanthu. Ndikuganiza kuti nawonso anali ndi mawu awo amene ankawasunga.

"Eneresi, chipongwe chanji ichi?"

"Si chipongwe, achimwene. Ndabwera kudzaphika. Inu khalani pomwepo muzionerera ngati wapolisi."

Ndinaika mafuwa pakati pa bwalo lawo, ndinasonkha moto. Ndinaphika phala la mawere, ufa wambiri madzi ochepa, ndinathiramo nsinjiro. Linalimba mpaka nditaimika mthiko pakati unaima wokha osagwa.

"Alipo mwana wa chaka chimodzi angameze ili?" anafunsa a Sadiki.

"Angatsamwe!" amayi anayankha.

"Ndiye kunyumba mumatani?"

"Timathira madzi."

"Lero sitithira madzi. Abiti Swaibu, tionetseni."

Ndinaphula mphika. Tinadikira kuti lizizireko pang'ono, nthunzi ichepe. Abiti Swaibu anatapa ufa wa chimera supuni imodzi yokha, anawaza pamwamba, ine n'kuyamba kutakasa. Poyamba dzanja linkalemera. Kenako mthiko unayamba kuyenda wokha. Posakhalitsa phala lija linafewa, n'kumayenderera pa mthiko ngati uchi. Amayi anaunjikana, mitu kugundana.

"Ii! Lasungunuka!"

"Mwathira madzi," anatero achimwene. "Ndinaphethira, mwathira madzi."

"Chambone, chabwino," anatero Abiti Swaibu. "Eneresi, phikaninso lina. Ulendo uno atakase okha abusa."

"Ine si m'busa, ndine mkulu wa mpingo."

"Mthiko sudziwa maudindo, bambo. Gwirani."

Ndinaphikanso lina m'kamphika ka alamu, lolimba kuposa loyamba. Achimwene anakwinya manja a jekete, ananjuta pansi, anathira okha supuni ya chimera, n'kuyamba kutakasa. Chibadwire sindinawaonepo atagwira mthiko. Ankaugwira ngati akupalasa bwato. Alamu anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Phala linafewa m'manja mwawo momwe, iwo akuliyang'anitsitsa, thukuta lili kamukamu.

Koma a Yoram sagonja msanga. "Mwaona? Kumeneku ndiye kuyamba kwa mowa. Mowa umayamba chonchi."

Abiti Swaibu anaimirira, manja m'chiuno. "A Yoram, ine ndimaswali kasanu pa tsiku. Mowa sunadutsepo pakhosi panga chibadwire, ndipo m'nyumba mwanga sulowa. Koma chimera sichisowa m'chitini changa. Paukwati wa mwana wanu chaka chatha munamwa thobwa langa makapu atatu, lachinayi munatumiza mwana kuti musaoneke. Mumaganiza kuti ndinaphika ndi chiyani? Ndi nyimbo za kwaya?"

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Wina anachita kukhala pansi. Ngakhale a Sadiki anatembenukira kumbali kuti aseke bwino.

Kuseka kutachepa, a Sadiki analankhula mofatsa. "Bambo, mantha anu ndi omveka. Chimera chimalowadi mu mowa. Koma kuti mowa ukhale mowa, amausiya masiku angapo kuti usase ndi kuwira. Ili ndi phala, laphikidwa pompano ndipo lidyedwa pompano. Mbewu ikamamera imakhala ndi mphamvu yofewetsa ufa. Mphamvu imeneyo ndi imene yasungunula phalali popanda madzi. Ndiye mwana akadya supuni imodzi ya ili, wadya ufa wochuluka kuposa wa m'masupuni awiri a phala lamadzi lija. Amayi, mumve bwino apa: likafewa, mulibwezere pamoto liwirenso pang'ono kuti tizirombo tife. Mwana adye likadali lofunda. Lotsala musamusungire mpaka madzulo."

Ndinalibwezera pamoto, linabwata, ndinapakulira m'kambale. Ndinasamba m'manja, ndinamukhazika Kumbu pamwendo. Anthu onse aja maso anali pa kamwa la mwana wanga. Supuni yoyamba anaigwira m'kamwa, anakwinya nkhope, theka n'kulavulira pa chitenje changa. Ndinati lero ndachita manyazi kawiri.

"Musamukakamize," ananong'ona Abiti Swaibu. "Mupatseni nthawi, phalali ndi mlendo wake."

Anayamba kumuombera m'manja n'kumamuitana maina oseketsa. Kumbu ananyambita milomo. Anayang'ana mbale. Anatsegula kukamwa yekha. Yachiwiri inalowa, yachitatu, yachinayi. Nditachedwa kuuzira yachisanu anandimenya padzanja n'kukuwa. Anamaliza kambale konse, kenako analanda supuni n'kumaiguguda pambale.

Nthungululu inaphulika pabwalo la akulu a mpingo Lachisanu m'mawa, popanda ukwati.

Achimwene anali chigwirire mthiko m'manja. Kenako mosayang'ana munthu anapisa chala m'kamphika kaja n'kulawa. Analawanso.

"Shuga mwathira nthawi yanji?"

"Mulibe shuga, achimwene. N'chimera chomwecho."

"Hm." Anayang'ana Kumbu nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti linali tsiku loyamba kuona bwinobwino mmene timikono take tinaonderera. "Mwanayu wafika potere liti? Bwanji sunandiuze?"

"Munandifunsa liti? Mumabwera kwanga kudzayendera malichero, osati ana."

Alamu anati, "Eya!" mokweza, kenako anadzigwira pakamwa.

"Chabwino, mlongo wanga, ndalakwa. Zithere pompano."

"Iyayi. Sizithera pano. Munandinyozera pa mjigo, mukapepesere pa mjigo. Ndipo mbuzi zanu zinadya chimera changa. Zibweze."

"Mbuzi zibweza bwanji?"

"Zili ndi manyowa. Ndikufuna ngolo yodzaza pamunda wa chulu paja mvula isanagwe."

Mawa lake anabweradi pa mjigo, jekete lili pathupi. Anatsokomola kawiri n'kunena kuti, "Amayi, zija ndinanena za mlongo wanga, kafukufuku waonetsa kuti sizinali choncho." Ndinati, "Achimwene, kafukufuku sanandinyoze, munandinyoza ndinu." Ndiye anavula chipewa n'kunena bwinobwino kuti, "Ndinamunamizira Eneresi. Pepa, mlongo wanga." Ndinavomera. Manyowa anabweretsa okha pa wilibala, maulendo asanu ndi awiri, ine ndikuwalozera pothira.

Musaganize kuti mwana ananenepa tsiku limodzi. Patatha milungu iwiri sikelo inangosuntha pang'ono kwambiri, kalamba kali pachikasu pomwe. Ndinakhumudwa. A Sadiki anati, "Yasuntha kapena sinasunthe?" Ndinati yasuntha. Anati, "Ndiye pitirizani." Ndinapitiriza. M'mawa phala la mawere la nsinjiro. Chakumasana lothira matemba amene ndinkakazinga n'kusinja. Masana ankadya zimene tadya tonse, ndiwo zamasamba nditazipota bwino. Madzulo phala lina, mwina la dzira. Mango atapsa ndinkamufinyira. Kubere sanaleke. Ndikapita ku ganyu ndinkanyamula ufa ndi kamphika, n'kumaphikira komweko pansi pa mtengo. Ndinameretsa chimera china, ndipo ulendo uno ndinachiyanika pabwalo penipeni kuti aliyense wodutsa aone. Abiti Swaibu anandipatsako mapira a kwawo, ndinkasakaniza ndi mawere pogayitsa. Nanenso ndinayamba kudya dothi lija ndinkalikana. Limakhala m'mimba mpaka dzuwa pamutu, khasu osalemera.

Choyamba kusintha sichinali sikelo. Linali phokoso. Mwana amene ankangokhala pamphasa anayamba kukwawira m'khola la nkhuku, kugwetsa ndowa, kukoka mchira wa galu wa eni ake. Tsiku lina ndinamupeza ataimirira atagwira mtondo, akukalipira nkhuku m'chinenero chake. Ndinakhala pansi n'kumuyang'ana, ntchito yonse n'kuiwala.

Sikelo ya mu Disembala ndinapita nditavala chitenje changa chabwino. A Sadiki anamukoleka Kumbu pa sikelo, iye akupalasa miyendo ndi kukuwa. Analemba m'buku. Kenako anamanga kalamba pamkono. Anakoka bwinobwino, anayang'ana, anamasula, anamanganso.

"A Sadiki, musandiphe ndi mtima. Nenani."

"Nenani ndinu, mayi. Mtundu wanji uwu?"

Unali wobiriwira.

Sindikumbuka kuti mwana ndinamupatsira ndani. Ndimangokumbuka ndili pakati pa bwalo la sikelo ndikuvina, Abiti Swaibu akundiombera m'manja ndi kufuula kuti "Alihamudulila!", amayi ena akuimba, ana akulira chifukwa cha phokoso. Achimwene anamva nthungululu ali kumunda, anabwera ndi khasu paphewa. Atamva nkhani anamunyamula Kumbu m'mwamba, iye n'kuwakodzera pa jekete. Anati ndi madalitso.

Mvula itagwa ndinafesa mawere pamunda wa chulu monga ankachitira a Lusiyasi, kusakaniza mbewu ndi mchenga kuti isagwe mothithikana. Mabanja asanu ndi limodzi anabwera kudzapempha mbewu. Ndinawapatsa kapu imodzi imodzi, ndi lamulo loti akakolola apatsenso ena. Alamu anabweranso ndi kapu yawo, akuti awatuma achimwene. Uja wa "amasiye a masiku ano" ndinamupatsanso, koma ndinamuyang'ana kaye mpaka anagwetsa nkhope.

Tsono mverani, inu amene mukuwerenga. Mawere, mapira ndi machewere si zakudya za nkhuku, si za anthu otsalira, ndipo si za mowa wokha. Ndi chakudya cholimbitsa thupi, chopirira dzuwa, chosungika. Chimanga limani, sindikuletsani, koma siyani kandime ka mbewu zimenezi. Mwana musamukhutitse madzi. Phikani phala la ufa wokwanira, mulifewetse ndi chimera, muthiremo nsinjiro, nsomba, dzira kapena masamba. Pitani naye kusikelo mwezi uliwonse, ndipo akadwala kapena akatupa thamangirani kuchipatala, musadalire phala lokha. Ndipo inu abambo, mukaona chinthu pakhomo pa mkazi wamasiye, funsani musanatsegule pakamwa pagulu.

Ine ndaulula zanga, kuti ndinkadyetsa nkhuku chakudya cha mwana wanga. Tsopano ndikufunsa inu. Mwana wanu wadya chiyani lero m'mawa, ufa kapena madzi? Mkono wake unayezedwa liti, ndipo unali mtundu wanji? Mbewu ya mawere imene makolo anu ankasunga munaitaya kuti? Musangotseka kabukuka n'kukaika pansi pa mphasa. Ngati kwanu n'kutali, kayankheni kwa a zaumoyo a kwanuko. Ngati muli kuno kwa Kalembo, sikelo yathu imakhala Lachitatu loyamba la mwezi, ndipo ine ndimakhala pabenchi yakutsogolo ndi kapu ya mbewu m'chikwama. Bwerani mudzandiyankhe pamaso.